Zaka zitatu ndi kamera ya Olympus Tough TG-6 ku Chigwa cha Shire

Foni imene ndinkajambulira zithunzi za kuntchito inafera m'madzi mu Januwale 2022, sabata imene namondwe wa Ana anasefukiritsa mitsinje ya kuno ku Chikwawa. Sinagwere mumtsinje ayi. Inali m'thumba la malaya nditaikulunga m'jumbo, koma pamene tinkawoloka khwawa lina pafupi ndi Ngabu madzi anandifika m'chifuwa, ndipo pofika tsidya linalo jumbo ija inali italowa madzi. Zithunzi za minda ya magulu asanu a alimi, zimene ndinali ndisanazitumize ku ofesi, zinapita ndi foniyo.

Ntchito yanga ndi yoyendera magulu a alimi a thonje, mapira, chitowe ndi chimanga cha m'madimba, kuyambira cha ku Nchalo kutsika mpaka ku Bangula, ndipo nthawi zina ndimawolokera ku East Bank. Lipoti lililonse limene ndimalemba limafuna zithunzi, chifukwa munthu amene ali mu ofesi ku Blantyre samvetsa tanthauzo la mawu akuti munda wakwiririka ndi mchenga mpaka ataona nsonga zokha za chimanga zikusuzumira pamwamba pa mchengawo. Foni ija itafa ndinaganiza zoleka kusenzetsa chipangizo chimodzi ntchito ziwiri. Ndinagula foni yotsika mtengo ya mauthenga, kenako n'kuyamba kufunafuna kamera payokha. Imene ndinasankha ndi Olympus Tough TG-6, ndipo ndakhala nayo zaka zitatu tsopano.

Oyamba kuwafunsa nzeru anali alamu anga, amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe mumzinda wa Blantyre, ndipo sanapite m'mbali poyankha. "Alamu, ngati mwaganiza zogula kamera, gulani kamera yeniyeni," anatero. "Tumakamera ta m'thumba timeneti sitisiyana ndi foni imene yakuferaniyo." Iwo ankafuna kuti ndigule Canon EOS 2000D, kamera yosintha malenzi imene inatuluka mu 2018, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Kamera imeneyo ili ndi ma megapixel 24 (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), pamene TG-6 ili ndi 12 okha. Chachikulu kuposa pamenepo ndi sensa, kachipangizo ka mkati kamene kamalandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi. Ya Canon ndi pafupifupi mamilimita 22 mulitali ndi 15 mulifupi, pamene ya TG-6 ndi pafupifupi mamilimita 6 mulitali ndi 4.5 mulifupi, yosafika ngakhale pa chikhadabo cha mwana. Sensa yaikulu imakolola kuwala kochuluka, n'chifukwa chake imajambula bwino ngakhale kunja kutayamba kuda. Pa zonsezi alamu anga sananame, ndipo mpaka lero sindiwatsutsa.

Pamene tinasiyana ndi pa malo ogwirira ntchito. Iwo amajambula m'maholo ndi m'matchalitchi, ndipo kamera yawo imayenda m'chikwama chofewa pampando wa galimoto. Yanga imayenda panjinga yamoto, m'misewu ya fumbi nthawi ya chilimwe ndi m'matope a makande nthawi ya dzinja, ndipo masiku ena imakwera bwato. Nditakhala pansi n'kuwerenga zinthu zimene zandiwonongekera pa zaka zimene ndagwira ntchito kuno, wailesi, mafoni awiri, tochi ndi laputopu, ndinapeza kuti palibe chimene chinafa ndi ukalamba. Zonse zinaphedwa ndi fumbi, madzi kapena kugwa. Choncho funso limene ndinayamba nalo linali lakuti ndi kamera iti imene idzakhale ikadali yamoyo pa tsiku limene chithunzi chikufunika kwambiri, popeza tsiku loterolo kuno limakhala la mvula yamphamvu kapena la mphepo ya fumbi.

Fumbi la kuchigwa kuno munthu amene sanakhaleko angalichepetse. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ukayenda makilomita ochepa chabe kumbuyo kwa lole yonyamula nzimbe kapena thonje umafika mano akukukuta mchenga, ndipo kamvuluvulu akadutsa pamsika amasiya dothi ngakhale m'chikwama chotseka ndi zipi. Kamera yosintha malenzi imatseguka pamimba nthawi iliyonse imene ukuchotsa lenzi, ndipo fumbi likatera pa sensa limaoneka ngati kadontho pa chithunzi chilichonse mpaka sensayo itatsukidwa ndi munthu wodziwa. Makamera ang'onoang'ono amene lenzi yawo imatuluka panja ukawayatsa ali ndi vuto lawonso, chifukwa mchenga ukalowa m'mipata ya lenziyo imakakamira panjira. TG-6 ilibe chiwalo chotuluka panja. Lenzi yake imayenda mkati, kuseri kwa galasi lotsekeka, moti fumbi limathera pamwamba, pamene munthu angalipukute kapena kulitsuka.

Opanga kamerayi amanena kuti imapirira madzi akuya mamita 15, kugwa kuchokera pa mamita 2.1, kupsinjidwa ndi katundu wa makilogalamu 100, ndiponso kuzizira kofika madigiri 10 pansi pa ziro. Za kuzizirazo sizitikhudza kuno, ndipo madzi akuya choncho sindinawayesepo. Koma yagwapo kawiri kuchokera panjinga yamoto, kamodzi pamsewu wa miyala, ndipo inangokalika pakona n'kupitiriza kugwira ntchito. Imalemera magalamu 253 pamodzi ndi batire, moti imakhala m'thumba la malaya tsiku lonse osandilemetsa. Canon ija ndikanaisiya kunyumba masiku ambiri poopa kuiwononga, ndipo minda yambiri ikanatsala yosajambulidwa.

Kamerayi inatuluka mu 2019 pa mtengo wa pafupifupi madola 450 a ku America. Pamene ndinkaifuna, ndalama ya kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022, ndipo yatsopano inali yosatheka pa malipiro anga. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandipezera yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kupatsira munthu wodalirika amene ankabwera pabasi. Ndinawapempha kuti asankhe yofiira m'malo mwa yakuda, chifukwa chinthu chofiira chikagwera mu udzu kapena m'matope chimaoneka msanga.

Mayeso ake enieni anafika mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Madzi atayamba kuphwera tinapita pa bwato kukaona minda ya m'mbali mwa Shire, mvula ikadali kuwaza. Anzanga awiri anali ndi mafoni abwino, koma anawasunga m'majumbo mkati mwa malaya, ndipo ankawatulutsa mwamantha kwa kamphindi kochepa. Ine kamera inali m'manja ulendo wonse. Ndinajambula mjigo umene unangotsala chogwirira chokha pamwamba pa madzi, nkhokwe yopendekeka imene mapira ake anali atayamba kumera mkati, ndi mzere wa matope pakhoma la tchalitchi wosonyeza pamene madzi anafika, bambo wina wa m'mudzimo ataima pambali pake kuti msinkhu uoneke. Pobwerera kamera inali yamatope yokhayokha. Ndinaiviika mu ndowa ya madzi oyera kwa mphindi zingapo, ndinaipukuta, ndipo m'mawa mwake zithunzi zinali zitafika kwa amene ankayenera kuziona.

Pali zinthu ziwiri zokhudza madzi zimene munthu ayenera kudziwa asanaidalire. Choyamba, kamerayi siyandama. Ikapulumuka m'manja pakati pa Shire imamira, ndipo palibe amene angalowe m'madzi a ng'ona kukaifunafuna, choncho chingwe chake chimakhala padzanja langa nthawi yonse imene ndili m'bwato. Chachiwiri, chimene chimatchinga madzi ndi timphira ta m'zitseko zake ziwiri, cha batire ndi khadi, ndi cha polowetsa nthambo yotchajira. Chitseko chilichonse chili ndi zotsekera ziwiri, ndipo kamchenga kamodzi kapena tsitsi limodzi likatsala pa kamphirako madzi amapeza njira. Ndinazolowera kuyang'ana timphirato powala ndisanatseke, ndiponso kusatsegula chitseko chilichonse manja ali onyowa.

Komabe chimene chandikondweretsa kwambiri pa kamerayi sindinachiganizire kwenikweni pogula. Pa kagudumu kosankhira kajambulidwe pali chizindikiro cha maikulosikopu, ndipo ukachisankha kamera imatha kujambula chinthu chimene chili pa sentimita imodzi yokha kuchokera pa galasi. Kwa munthu wogwira ntchito ndi alimi, chimenechi ndi chida chachikulu. Chiyambire nyengo yolima ya 2016 mpaka 2017, pamene mbozi zachilendo zowononga chimanga zinafalikira m'dziko muno, funso limene ndimakumana nalo kawirikawiri m'madimba ndi lakuti mbozi imene ili mumtima mwa chimanga ndi kapuchi wathu wakale kapena ndi yachilendoyo. Kusiyanitsa kwake kuli pa zizindikiro zazing'ono. Yachilendoyo ili ndi mzere wowala pamutu wooneka ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira ili ndi timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za nyumba. Maso a mnyamata amaziona movutikira, ndipo a munthu wachikulire saziona n'komwe.

Tsiku lina mu Julayi, m'dimba lina chakumunsi kwa Nchalo, agogo ena aamuna anakana kwamtuwagalu kuti chimanga chawo chagwidwa ndi mbozi yachilendo. Iwo anati kapuchi amamudziwa kuyambira ali mnyamata, ndipo phulusa ndi mchenga zimamukwanira. Sindinalimbane nawo. Tinafunyulula mtima wa phesi limodzi, tinatulutsa mbozi pakati pa zitosi zake zonga utuchi, n'kuiika pa tsamba. Ndinatsamiritsa dzanja pa mpini wa khasu lawo kuti lisanjenjemere, ndinayandikitsa kamera mpaka kutsala pang'ono kukhudza mboziyo, ndipo mutu wake unadzaza sikirini yonse. Tinapita pamthunzi wa mtengo wa mango kuti aone bwino. Agogowo anagwira kamera ndi manja awiri, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza chilembo chija ndi chala n'kunena kuti, "Mwanawe, uyu si kapuchi. Nkhope iyi sindinaionepo." Anaitana akazi awo ndi adzukulu kuti nawonso aone, ndipo kukambirana za nthawi yoyendera munda ndi kufwanya mazira a mbozizo pamasamba kunayamba pomwepo, popanda ine kukakamiza.

Kuyambira tsiku limenelo ndajambula nsabwe za pamasamba a thonje, mazira a mbozi okutidwa ndi ubweya, anankafumbwe m'chimanga cha m'nkhokwe ndi madontho a matenda pamasamba a chitowe, ndipo zambiri mwa zithunzizo ndimazitumiza kwa akatswiri pamene ine sindikutha kuzindikira vutolo. Pojambula chinthu chapafupi choncho, kagawo kochepa kokha ndi kamene kamaoneka bwino, mwina mutu wa mbozi pamene thupi lake lachita chimbuuzi. Kamerayi ili ndi njira yojambula zithunzi zingapo motsatizana, chilichonse chikulunjika pa malo ake, n'kuziphatikiza yokha kukhala chimodzi chooneka bwino kuyambira kumutu mpaka kumchira. Njirayi imafuna kuti kachilombo kasayende ndipo dzanja lisagwedezeke, choncho imatheka bwino m'mawa mphepo isanayambe. Vuto lina ndi lakuti kamera ikayandikira kwambiri imadzitchingira yokha kuwala. Pali kachipangizo kogula padera kotchedwa LG-1, kamene kamazungulira lenzi n'kumwaza kuwala kwa nyale ya kamerayo, ndipo ndimalangiza aliyense wofuna kujambula tizilombo kuti akagule limodzi ndi kamera.

Mkati mwake mulinso GPS ndi kampasi, moti chithunzi chilichonse chimatha kusunga malo amene chinajambulidwira. Kuno madzi osefukira amafafaniza njira, mitengo ndi zizindikiro zonse zimene munthu ankadziwira munda, choncho kutha kubwerera pa malo omwewo patapita miyezi n'kujambulanso n'kothandiza kwambiri pa malipoti. Ndiyenera kuchenjeza kuti GPS yotereyi imaphonya ndi mamita angapo. Mlimi wina anandipemphapo kuti ndimuthandize nayo pa mkangano wa malire ndi mnansi wake, ndipo ndinakana, chifukwa mamita atatu kapena anayi m'dimba ndi mizere yambiri ya chimanga, ndipo nkhani yotero ndi ya anyakwawa ndi mboni zawo.

Batire yake, yotchedwa LI-92B, opanga amati imajambula zithunzi pafupifupi 340 ikadzaza. Ine imandikwanira tsiku limodzi la ntchito, koma ndikasiya GPS ikulemba ulendo wonse imatha msanga, moti ndinagula yachiwiri. Ubwino wake ndi wakuti imatchajidwa ili mkati mwa kamera kudzera pa nthambo ya USB. Chaka chimene ndinaigula, malo opangira magetsi a Kapichira, amene ali m'boma lathu lomwe lino, anali ataima chifukwa cha namondwe wa Ana, ndipo dziko linasowa pafupifupi ma megawati 130 kwa miyezi yoposa 12. Nthawi yonseyo kamera ndinkaitchaja pa sola yaing'ono ya pakhomo, imene timatchajiranso mafoni. Zithunzi zimasamutsidwira pafoni kudzera pa Wi-Fi ya kamera yomweyo popanda kuwononga bandulo, ndipo potumiza pa WhatsApp ndimazitumiza ngati fayilo kuti zisafinyidwe. Ma megapixel 12 amene alamu anga ankawadera nkhawa amakwanira kusindikiza chithunzi chodzaza pepala la A4 chooneka bwino, ndipo ntchito yanga sinafunepo choposa pamenepo.

Zofooka zake zilipo, ndipo zina n'zazikulu. Dzuwa likangolowa, kuchepa kwa sensa kuja kumaonekera. Lenzi yake imatseguka mpaka f/2.0 ikakhala yosakoka, kutanthauza kuti imalowetsa kuwala kochuluka, zimene zimathandiza m'nyumba masana, koma pa chinkhoswe cha mdzukulu wanga chimene chinafika mpaka usiku zithunzi zinatuluka ndi timadontho ngati mchenga, ndipo ovina ambiri anachita chimbuuzi. Pamenepo mafoni amakono odula amaiposa, ndipo kamera ya alamu anga imaisiya kutali. Aliyense amene akufuna kamera yopezera ndalama pa maukwati asagule imeneyi.

Kukoka zinthu zakutali nakonso n'kochepa. Lenzi yake imakoka kanayi kokha. Nditapita ndi ana ku Majete, njovu zimene zinali pafupi ndi msewu zinatuluka bwino, koma mvuu za pakati pa mtsinje zinaoneka ngati miyala, ndipo nkhwazi imene ndinaiona pamtengo m'dambo la Elephant Marsh inangokhala kadontho koyera. Munthu amene mtima wake uli pa mbalame ndi nyama angachite bwino kuyang'ana kamera ngati Nikon Coolpix P900 ya mu 2015, imene imakoka maulendo 83, koma adziwe kuti imeneyo sinapangidwe kuti izinyowa kapena kugwa.

TG-6 ilibenso kabowo kosuzumirapo ndi diso. Zonse zimaonedwa pa sikirini ya mainchesi atatu, ndipo pa dzuwa la masana la mu Okutobala sikiriniyo imaoneka movutikira, moti ndimaitchinga ndi chipewa. Nkhani ya kutentha ndi yofunika kuisamala, chifukwa malangizo a opanga amanena kuti kamerayi izigwira ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 40, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje masiku ena a mu Okutobala ndi Novembala amadutsa pamenepo. Yanga sinazimepo chifukwa cha kutentha, koma sindiisiya m'bokosi la njinga yamoto padzuwa kapena pafupi ndi galasi la galimoto. Galasi la kutsogolo kwa lenzi nalo lilibe chivindikiro, choncho kulipukuta ndi malaya a fumbi n'kulikala. Ndimayamba ndalitsuka ndi madzi kapena kuliuzira, kenako n'kupukuta ndi kansalu kofewa. Amene anazolowera kudzisankhira okha zonse pojambula apezanso kuti kamerayi siwapatsa ufulu wonse, popeza liwiro la shata, kutanthauza nthawi imene kuwala kumalowa pojambula, imasankha yokha, ngakhale imasunga zithunzi za RAW (zosafinyidwa, zoti munthu akonze yekha) ndi kujambula kanema wooneka bwino kwambiri wa 4K.

Amene ndingawalangize kuti aigule ndi anthu a ntchito zonga yanga: alangizi a zaulimi ndi a ziweto, oyendera mijigo ndi ngalande za mthirira, a zaumoyo oyenda m'midzi, ndi aphunzitsi a sayansi amene akufuna kuonetsa ana mapiko a gulugufe kapena mano a dzombe. Kampani ya Olympus inagulitsa gawo lake la makamera, ndipo kuyambira mu 2021 likuyendetsedwa ndi OM Digital Solutions, imene mu 2023 inatulutsa TG-7. Yatsopanoyo ili ndi lenzi ndi ma megapixel ofanana ndi a TG-6, ndipo kusintha kooneka kwambiri ndi polowetsa nthambo pa mtundu wa USB-C. Popeza kwacha inatsitsidwanso ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, ndikuona kuti TG-6 yosamalidwa bwino ndi yokwanira kwa ambiri a ife.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, tsegulani zitseko zonse ziwiri n'kuyang'ana timphira tija powala, kuti muone ngati tang'ambika, tauma kapena taphwanyika. Onani ngati mkati mwa malo a batire muli dzimbiri kapena zoyera ngati mchere, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti madzi analowamo kale. Yang'anani galasi la kutsogolo mopendeketsa kuti mikwingwirima ioneke, ndipo jambulani khoma loyera n'kukulitsa chithunzicho. Opanga amalangiza kuti timphirato tizisinthidwa chaka ndi chaka kwa amisiri awo, zimene kwa ife a kuchigwa kuno n'zovuta kuzikwaniritsa. Yanga yatha zaka zitatu osasinthidwa, ndipo kamphira ka chitseko cha nthambo kayamba kuuma m'mphepete. Ndagwirizana ndi achimwene anga kuti akabwera kutchuthi aitenge kupita nayo ku Johannesburg, ndipo ibwerere mvula yoyamba isanagwe.